Zipsera Zofiira pa Bati ya Kingstone

Anabwera nawo pa polisi cha m'ma seveni m'mawa, Lachisanu, atawakhazika kumbuyo kwa pikapu ngati thumba la feteleza. Inali nkhalamba yoonda, kofia yoyera kumutu, mawondo a buluku atabiriwira ndi kapinga. Kutsogolo kunatsika bambo wa tayi, wonunkhira mpaka kutsamwitsa, nsapato zake zofiirira zikuwala moti ntchentche ikanati itere ikanaterereka.

"Sajeni, wakuba ndi uyu," anatero, dzanja osapereka. "Ine ndine Hudson Makwinja, manijala wa kalabu ya pa esiteti. Mutsekereni. Ndipo pofika madzulo nyumba ya kampani akhale atatulukamo."

Ine ndine Sajeni Agatha Nikoroma. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili mu yunifolomu, ndipo munthu wondiuza chochita pa ofesi panga sindimumvetsa bwino. Ndinawalozera benchi onse awiri.

"Aba chiyani?"

"Bati ya Kingstone Namakhwa."

Ndagwirapo akuba mbuzi, akuba njinga, ngakhale wina amene anaba belu la tchalitchi, koma wakuba thabwa ndinali ndisanakumane naye. Pajatu bati ndi thabwa lomenyera mpira pa kiriketi, masewera aja amuna akuluakulu amavala zoyera ngati amayi a Mvano n'kuima padzuwa tsiku lonse. Dzina la Kingstone lokha ndinkalidziwa. Ku Mulanje kuno angalisowe ndani? Mwana wa mayi wotchola tiyi amene anakamenya mpira mpaka kutsidya kwa nyanja.

A Hudson anafotokoza mothamanga. Mawa lake, Loweruka, Kingstone amasewera masewera ake otsanzikana pa bwalo la kalabu pamene anayambira. Bati yake yotchuka inakhala mu kabati ya galasi pa kalabupo zaka khumi ndi zitatu. M'mawa wa Lachisanu lomweli Kingstone anafika, akuluakulu a esiteti ali pomwepo, anatsegulitsa kabati, n'kuinyamula. Sanaiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Iyi si bati yanga."

"Makiyi ndi awiri okha," anatero a Hudson. "Wina ndimasunga ine, wina amasunga Mustapha uyu, wotchetcha bwalo. Amaitulutsa Lolemba loyamba la mwezi uliwonse, ati kukaidzoza mafuta. Kwatsala chiyani apa, Sajeni?"

Anaika bati yabodzayo pa tebulo panga. Inali yokongola, ndisaname, yosalala, yonyezimira, madontho ofiira ali mbwee kuyambira pamwamba mpaka pansi, m'mbali monse.

Che Mustapha ananyamuka pa benchi. Anaweramira pa tebulopo, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa thabwalo. Ndinkayembekeza kuti alira kapena alumbira. Iwo anakwiya.

"Wallahi, uku ndiye kutukwana," anatero. "Zipsera m'mphepete? Kingstone wanga, tsiku limene lija, m'mphepete? Mai, ine ndikanati ndibe, bodza lake silikanakhala lopusa chonchi."

Sindinamve chimene ankatanthauza, koma ndinachilemba. Kenaka anandifunsa nthawi.

"Eyiti sinakwane. Bwanji?"

"Lero ndi Ijuma. Chiyambire ndili mnyamata sindinajombepo ku mzikiti. Pamalo panga pakakhala popanda munthu afunsa kuti ali kuti, ndiye wina ayankha kuti ali ku polisi, aba." Anavula kofia. "Nyumbayo atenge, mai. Koma mawu amenewo asanenedwe mumzikiti."

Swala ya ku mzikiti imayamba hafu thwelofu. Ndinatenga thabwalo, n'kuitana wa kabaza.

*

Kingstone ndinamupeza atakhala yekha pa khonde la kalabu, akuyang'ana bwalo. Ndi munthu wamtali, wa imvi zoyambayamba, zala zopindikapindika ngati za munthu wolima. Kumbuyo kwa bwalo tiyi anali yalaa mpaka m'tsinde mwa phiri.

"Mwadziwa bwanji musanaiyang'ane?" ndinamufunsa, ndikumuonetsa bati yabodza ija.

"Mayi, mwana wanu mungamusowe mumdima?" Anaitenga, n'kuigwedeza kamodzi. "Yanga ndi ya mtengo wa kunja, wofewa, umabweza mpira wokha. Iyi kulemera kwake kuli kolakwika. Ukamenya nayo mpira umodzi ing'aluka."

"Che Mustapha akuti zipsera za m'mphepete ndi chitonzo. Ndimasulireni, ine ndinakulira pa netibolo."

Anamwetulira pang'ono. Mpira wa kiriketi, anatero, ndi wolimba, wachikopa chofiira, ndipo paliponse pamene wagunda umasiya chipsera. Womenya wabwino amaulandira pakati pa bati. Ukagunda m'mphepete ndiye kuti walephera, mpira umangothawira m'manja mwa adani, iwe basi ulendo wa kukakhala pansi.

"Bati imeneyo ndinaisewerera masewera amodzi okha," anapitiriza. "Fainolo ya mayiko a mu Africa. Anzanga asanu anali atatuluka tili ndi marani, zigoli za kiriketi, makumi anayi okha, anthu atayamba kulongedza zikwama. Ine ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Marani 134, osatuluka, chikho n'kubwera kuno. Nditafika ndinaipereka kwa Che Mustapha. Anaitembenuza uku ndi uku, anapeza zipsera zonse zaunjikana pakati, malo osaposa chikhatho changachi. Anangoti, 'Ehe, wayamba kumva.' Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndasewerera dziko, zisanu ndi ziwiri ndili kaputeni, ndasewera ku Joni, ndasewera ku Mangalande, koma mendulo yoposa mawu amenewo ndilibe."

"Ndiwo anakuphunzitsani?"

"Ndinkatola mipira yogwera mu tiyimu, amayi akutchola mzere winawo. Iwo anandisemera bati ya bulugamu n'kumandiponyera mandimu aawisi kuseri kwa shedi. Tsiku lililonse mawu amodzimodzi: phazi patsogolo, iwe, phazi!"

Ndinamuyang'ana mpaka anagwetsa maso.

"Nanga pamene amawakweza pikapu munanena chiyani?"

Anatembenukira ku bwalo. Ndinabwereza funsolo, chifukwa ine manyazi a munthu wina sindiwamvera chisoni msanga.

"Palibe," anatero. "Mutu unaima. A Makwinja anati makiyi ndi awiri, mabwana onse maso ali pa ine, ndiye ndinangoti kakasi. Ndaimapo pamaso pa anthu oponya mpira wothyola nthiti osaphethira, koma lero ndachita mantha. Ndikudzida, Sajeni."

"Mudzide bwino, mukuyenera," ndinatero. "Koma galimoto yanu isapite kutali."

*

Mkati mwa kalabu, mayi wina wonenepa ankapukuta galasi la kabati yopanda kanthuyo, khutu lili panja. Anali Rosie, wosesa, ndipo anandilonjera m'Chilomwe.

"Mosheliwa, a Sajeni! Ine ndiye sindikudziwa kanthu, musandilembe. Ine ndimangopukuta. Koma Che Mustapha, iii, munthu uja ngakhale ndimu logwa pansi amafunsa kaye mwini wake."

"Kabatiyi mumaipukuta kangati?"

"Tsiku ndi tsiku, kupatula Lamulungu. Ndi masiku anayi aja inali yovundikira."

"Masiku ati?"

"Sabata yathayi, Lachiwiri mpaka Lachisanu. Bwana Makwinja anaiphimba ndi nsalu ya pa tebulo, yobiriwira ija, ati akubwera openta denga ndiye ingadonthere. Anati aliyense woikhudza ntchito yatha. Opentawo mwawaona inu? Tayang'anani dengalo, kangaude wake ndi yemwe uja wa chaka chatha."

Ndinayang'ana. Kangaude analipodi, ndi banja lake lonse.

"Bwana ameneyu sagona ndi zinthu zakale," Rosie anatsitsa mawu. "Anachokera ku mahotela a ku Blantyre. Chibwerereni, zikho zonse tazikwecha mpaka mayina kufufutika. Mpando wa chikopa uja anautaya. Akangoona chinthu chothimbirira, thupi limamuyabwa."

"Atachotsa nsalu munaona kusintha kulikonse?"

"Kuona ayi, ine kiriketi ndiidziwira kuti? Koma kununkhiza. Ndikamapukuta apa pa mng'alu pamatuluka kafungo ngati ka bokosi la malemu amayi, lija ankasungiramo zovala za ku tchalitchi."

Ndinatenga kiyi wa nyumba yanga, n'kukanda pang'ono kumsana kwa bati yabodza ija. Polishi anachoka. Ndinanunkhiza, Rosie nayenso ananunkhiza, tinayang'anizana. Mwana aliyense wobadwira pansi pa phiri ili fungo limenelo amalidziwa. Unali mkungudza, mtengo wa m'phiri woletsedwa kudula.

Nthawi inali itadutsa naini koloko. Osema mkungudza ali ku Likhubula.

*

Kingstone anayendetsa yekha galimoto yake. Ku Likhubula tinapeza anyamata onyamula katundu wa alendo atakhala pa miyala kudikira okwera phiri, ndipo pafupi pawo mzere wa tizisakasa ta osema: ndodo, timabokosi, mapu a phiri. Ataona yunifolomu, timabokosi tina tinayamba kulowa pansi pa matebulo tokha.

"Sindinabwerere mkungudza," ndinakuwa. "Lero ndili ndi chimfine, sindikumva fungo. Ndikufuna amene anasema ichi."

Maso onse anapita kwa munthu mmodzi, wamfupi, wa pensulo kukhutu. Dzina lake Anthony. Ameneyu mantha ake anagonja ndi kunyada.

"Ntchito yanga imeneyo, mai," anatero. "Masiku awiri okha. Mtengo wake ndi chitsa chakalekale, chogwa chokha, ndikulumbira. Taonani mzerewo. Pali makina apa?"

"Anakutuma ndani?"

"Bwana wina wa pikapu, dzina sananene. Iyeyo sanabwerere kusemetsa ayi. Anabwera ndi thabwa lakale, lakuda ndi mafuta, lamabalamabala, akuti kukubwera alendo aulemu ndiye ndilikonze liwale. Nanga ife ntchito yathu si imeneyo? Chinthu sichichoka pano chisanasalale. Ndinalipala ndi sandipepa bwinobwino, mabala onse mbee, linayera ngati mkaka."

Kumbuyo kwanga Kingstone anatulutsa mpweya ngati wamenyedwa m'mimba.

"Ndiye pofuna kupala kumsana ndinalipana pa benchi," anapitiriza Anthony, mawu akuchepa. "Kaya ndinakanikiza kwambiri. Chigwiriro chinangoti phwa, kuzuka pamene chinalumikizidwa. Bwana uja atabwera anatuluka thukuta mpaka tayi kunyowa. Akuti sema lina lofanana, msanga, ubwezeretsenso mabala aja, muja limakhala m'galasi palibe amaligwira."

"Mabalawo unawaika bwanji?"

"Ndinawayala bwino, mofanana mbali zonse. Pa lakale lija anangounjikana malo amodzi, osaoneka bwino n'komwe."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Apa m'pamene ndinamvetsa mkwiyo wa Che Mustapha. Munthu amene wadzoza bati ija mafuta mwezi ndi mwezi kwa zaka khumi ndi zitatu sakanayala zipsera ngati maluwa a pa chitenje.

"Utoto wofiirawo unautenga kuti?"

"Si utoto, ndi polishi wa nsapato. Ine ndimasunga wakuda ndi wa bulauni basi. Wofiirayu anatulutsa yekha bwanayo m'galimoto." Anafufuza pansi pa tebulo, n'kundipatsa kachitini. "Anaiwala. Nsapato zake ndi zomwezo, mai, zowala ngati galasi."

"Thabwa lakalelo lili kuti?"

"Anati ndiliotche."

Kingstone anagwira mzati wa chisakasa. Anthony anamuyang'ana, anayang'ananso, pensulo inagwa kukhutu.

"A Namakhwa? Kingstone Namakhwa? Mayo ine! Tsiku la fainolo lija tinamvera pa wailesi pompano, alendo tinawasiya akwere okha phiri! Ndiye thabwa lija…" Anagwira kumutu. Kenaka anathamangira kuseri, tinamva malata akugwa, n'kutulukira atanyamula chinthu chokulunga m'thumba la feteleza. "Sindinaotche. Mtengo wofewa chonchi sindinaugwirepo chibadwire, manja anakana. Ndimati ndidzasemeko kanthu pa Khirisimasi."

Kingstone anavundukula. Thabwa loyera, lopanda chipsera ngakhale chimodzi, chigwiriro chili pachokha. Analiyendetsa chikhatho pakati paja, pamene panali marani 134, ndipo misozi inatsika osaibisa.

"Mulira m'galimoto," ndinatero. "Ileveni yakwana. Anthony, kwera."

*

A Hudson tinawapeza akadali pa benchi ya ku polisi, mwendo pamwamba pa unzake, akuyang'ana wotchi. Ndinaika kachitini ka polishi pansi, pafupi ndi nsapato yawo. Mtundu wake unali umodzi ngati mapasa.

"Mwaiwala katundu wanu ku Likhubula, bwana."

Anayamba Chingerezi. Ndinawasiya achiyankhule mpaka chinawathera, kenaka ndinakodola Anthony kuti alowe.

"Ndi omwewa," anatero Anthony. "Mwaswera bwanji, bwana?"

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma uyu anayesa. Anati iwo ankangofuna kalabu ioneke bwino. Anati bati ija inkaoneka yauve, ngati mwini wake alibe anthu omusamala. Anati akanaulula, ntchito ikanatha tsiku lomwelo, ali ndi ana kusukulu.

"Kupalitsa thabwa si mlandu," ndinawauza. "Ndi umbuli chabe, tonse tili nawo penapake. Ngakhale kusemetsa linalo ndikanati ndi mantha. Koma inu mwatenga nkhalamba yosalakwa, mwaikweza kumbuyo kwa pikapu anthu akuona, mwabwera nayo pano n'kunama pamaso panga. Umenewo ndiye mlandu, ndipo muulemba ndi dzanja lanu. Vulani lamba ndi zingwe za nsapato zokongolazo."

Ndinakatsegula chitseko cha chipinda chimene ndinawasiyamo Che Mustapha. Anali atakhala mowongoka, kofia ili m'manja.

"Che Mustapha, twende. Mulibe mlandu, nyumba ndi yanu, makiyi ndi anu. Kwatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu."

"Alhamdulillah," anatero, n'kuvala kofia.

Pakhomo anakumana ndi Kingstone. Chimunthu chonse chija chinagwada pa simenti, apolisi anzanga akuona, mayi wogulitsa nthochi pa geti akuona.

"Ababa, ndinakhala chete. Ndikhululukireni."

"Unakhaladi chete," anatero Che Mustapha. Sanamunyengerere. "Zinandiwawa kuposa pikapu. Dzuka, nkhani imeneyo tidzaikamba ine ndi iwe. Icho n'chiyani?"

Kingstone anawapatsa zidutswa ziwiri zija. Ndinkaganiza kuti nkhalamba ikomoka. Iyo inagogoda thabwalo ndi chala, khutu lili pafupi, inasuzumira pamene panazuka chigwiriro.

"Zonse zapita, ababa. Palibe chatsala."

"Chapita n'chiyani? Marani ako anapala ndi sandipepa? Chikho anabweza?" Anagogodanso. "Mtengowu uli moyo. Guluu, ulusi wa nsapato, mafuta pang'ono, igone chagada mpaka mawa. Ndimadandaula kale ine, bati yabwino kuisandutsa chithunzi cha m'galasi." Anatembenukira kwa Anthony, amene ankafuna kulowa pansi. "Iwe ndiwe wapala? Dzanja uli nalo, nzeru ndiye ulibe. Ubwere madzulo ndi chopanira chakocho, ndikuonetse pogwira."

Kingstone anawatengera ku mzikiti pa galimoto yake, mpando wa kutsogolo. Ndinamva pambuyo pake kuti anawatsegulira chitseko pakhomo penipeni, n'kuwadikira panja mpaka swala kutha, kuti aliyense aone amene wabwera nawo.

*

Loweruka ndinapita ku bwalo, ine amene ndinkati kiriketi ndi ya anthu osowa chochita. Anthu anali atadzaza mpaka mu tiyi: otchola, akapitawo, ana a sukulu, Rosie atavala chitenje chatsopano, onyamula katundu a ku Likhubula atabwera pa lole. Wina anawerenga pa chimkuzamawu zonse zimene Kingstone anachita, mayiko amene anapitako, marani zikwizikwi, anthu akuomba m'manja pa chilichonse ngakhale chimene sanachimve.

Kingstone anatulukira atanyamula bati ija, yoyera, chigwiriro chomanga ndi ulusi wakuda. Anatenga chimkuzamawu n'kunena kuti bati imeneyi sibwereranso m'galasi, ikatha lero ikhala ya timu ya atsikana a m'makomboni a pa esiteti, aimenye mpaka ithe. Kenaka anati mpira woyamba saponya wina aliyense koma amene anamuponyera mandimu.

Che Mustapha anavula nsapato. Anapukuta mpira wofiira pa buluku, anathamanga masitepe anayi a nkhalamba, n'kuponya. Kampira kake kanali kofatsa, koti ngakhale ine ndikanakamenya. Koma Kingstone maso anali atadzaza madzi. Anaima njo ngati chitsa, anangotambasula manja, mpira n'kukhudza m'mphepete mwa bati, tcha, n'kugudubuzikira kumbali.

Chipsera choyamba pa bati yoyera ija chinali m'mphepete penipeni, chofiira, chooneka ndi ife tonse a pa khonde.

Nkhalamba inaika manja m'chiuno.

"Phazi, iwe!" inakuwa, mawu kumveka mpaka ku fakitale. "Phazi patsogolo! Zaka zonsezi sunamvebe?"

Anthu anafa nacho chiseko, Kingstone akuseka ndi kulira pamodzi. Che Mustapha sanaseke. Anatambasula dzanja kuti awabwezere mpira, makiyi a kalabu akulira m'thumba mwawo, n'kubwerera pamene anayambira kuthamanga.

"Tiyambirenso," anatero.